Fakitale Ikagona, Mita Imayendabe

Amene akufuna kuidziwa bwino fakitale ya zakudya asapiteko Lachitatu m'mawa makina onse akubangula. Apite Lamlungu masana, antchito ali kunyumba, pageti pali mlonda yekha. Ine ndinachitapo zimenezi chaka china pa fakitale ina ya mkaka ndi yogati, nditaperekeza mnzanga amene ntchito yake ndi kulondola kumene magetsi ndi mafuta akuthera m'makampani. Titalowa anandiuza kuti ndisayankhule, ndingotchera khutu.

Poyamba sindinamve kanthu. Kenaka makutu atazolowera, ndinayamba kumva kaphokoso ka "siii" ngati njoka, kuchokera chakumwamba kumene kunadutsa mapaipi a mpweya. Kena kanali kumbuyo kwa makina otsekera mabotolo. Tisanafike pakati pa chinyumbacho, kompresa ya kuseri inadzuka yokha, inalira mphindi zingapo, n'kukhala chete. Posakhalitsa inadzukanso. Panalibe amene amagwiritsa ntchito mpweya, koma iyo inali kalikiliki kudzaza thanki yomwe inkaphwera m'mabowo.

"Madala, chimenechi chimatere tsiku lililonse?" mnzanga uja anafunsa mlonda.

"Usiku wonse, bwana. Ine ndinachizolowera. Ndiponso chimandithandiza kuti tulo tisandibe."

Tinaseka, koma mnzangayo analemba m'kabuku kake. Analembanso za chitseko cha chipinda chozizira chomwe mphira wake wam'mbali anali atang'ambika, moti ukaika dzanja pamng'alupo umamva kamphepo kozizira kakutuluka. Analemba za paipi ya nthunzi yomwe chokutira chake chinasupulidwa pokonza valavu ndipo sichinabwezeredwepo. Pomaliza tinakaima pa mita ya magetsi. Kanyali kake kofiira kanali kuphethiraphethira mwaliwiro, fakitale isanatulutse ngakhale botolo limodzi kuyambira dzulo lake.

Ntchito imene ankagwira mnzangayo pachingerezi amaitcha energy audit. Ife tingati ndi kauniuni wa mphamvu: kulondola magetsi, dizilo, malasha, nkhuni ndi gasi kuyambira pamene zalowera pageti mpaka pamene zathera, n'kupeza kuti gawo lomwe lagwiradi ntchito ndi lotani ndipo lomwe langotayika ndi lotani. Chodabwitsa n'chakuti mafakitale ambiri amadziwa thumba lililonse la ufa ndi shuga lomwe lili m'nyumba yosungira katundu, ndipo likasowa limodzi munthu amachotsedwa ntchito. Koma magetsi a ndalama zoposa matumba 100 amatha kusowa mwezi ndi mwezi popanda wofunsidwa. Bilu ikabwera, a kuofesi ya zachuma amaidandaula, amailipira, n'kuiika mufayilo.

Kumene mwambowu unachokera

Kale mafuta ali otchipa palibe amene ankalabadira. Zinthu zinasintha mu 1973 pamene mayiko a Aluya otulutsa mafuta anachepetsa malonda awo ndipo mtengo unakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa. Ku United States boma linayamba mu 1976 kutumiza aphunzitsi ndi ophunzira a uinjiniya a m'mayunivesite kukayendera mafakitale ang'onoang'ono kwaulere, n'kuwasiyira malangizo. Dziko la India linakhazikitsa lamulo losamala mphamvu mu 2001. Ku Kenya malamulo a mu 2012 analamula kuti malo alionse ogwiritsa ntchito mayunitsi oposa 180,000 pachaka aziunikidwa kamodzi pa zaka zitatu, zomwe zinakhudza mafakitale ambiri a tiyi, ufa ndi mkaka. Ku Britain, kuyambira mu 2014, makampani akuluakulu amayenera kuchita kauniuniyu zaka zinayi zilizonse. Bungwe la ISO nalo linatulutsa muyezo wa ISO 50001 mu 2011, wolongosola mmene kampani ingayendetsere nkhani ya mphamvu mosalekeza.

Kuno kwathu chifukwa chake n'chachikulu kuposa lamulo. Magetsi ambiri a ku Malawi amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi, ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti abwerere. Mafakitale a ku Makata ndi ku Kanengo ankakhalira majenereta. Tsono lita imodzi ya dizilo mujenereta imatulutsa mayunitsi atatu kapena kuposerapo pang'ono, pomwe mphamvu yomwe ili m'litayo ndi yokwana mayunitsi pafupifupi 10. Yotsalayo imathawa ngati utsi ndi kutentha. Ndiye bowo la paipi lomwe linkadya magetsi a ESCOM mwakachetechete, magetsi akazima limayamba kumwa dizilo wogulidwa ndi ndalama zakunja.

Chifukwa chiyani zakudya zimadya mphamvu chonchi

Pafupifupi chilichonse chochitika mufakitale ya zakudya ndi kutenthetsa, kuziziritsa kapena kuchotsa madzi. Mkaka umatenthetsedwa kuti tizilombo tife, kenaka umaziziritsidwa kuti usasase. Buledi amaphikidwa. Tiyi amaumitsidwa. Madzi a nzimbe amawiritsidwa mpaka patsale shuga. Pakati pa zonsezi pali kutsuka, ndipo kutsuka kwa mufakitale ya chakudya kumafuna madzi otentha ambiri, tsiku lililonse.

Madzi ndi chinthu chouma mutu. Mayi aliyense amene anaphikapo nyemba amadziwa kuti mphika suchedwa kuwira, koma kuti madziwo aphwe pamapita nkhuni zochuluka. Asayansi anayeza: kusandutsa lita imodzi ya madzi owira kale kuti ikhale nthunzi kumafuna mphamvu yoposa kasanu imene imafunika kutenthetsa madzi omwewo kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 100. Apa ndi pamene pagona ndalama za fakitale ya tiyi, ya shuga ndi ya mkaka waufa. Dontho lililonse lomwe lingachotsedwe pofinya kapena posefa, m'malo moliphwetsa ndi moto, ndi phindu.

Ntchito imayambira pa mapepala

Ambiri amaganiza kuti wochita kauniuni amayamba ndi zipangizo zamakono. Ayi, amayamba ndi mabilu akale, a miyezi 12 kapena 24, pamodzi ndi mabuku osonyeza kuchuluka kwa katundu wopangidwa mwezi uliwonse. Funso lake loyamba silikhala lakuti mumalipira zingati. Amafunsa kuti: tani imodzi ya ufa, kapena malita 1,000 a mkaka, imakudyerani mayunitsi angati? Nthawi zambiri palibe amene ali ndi yankho, chifukwa bilu ili kuofesi ina, mabuku a katundu ali kuofesi ina, ndipo awiriwa sanakumanepo patebulo limodzi.

Akawakumanitsa pamaoneka zinthu. Tiyerekeze chigayo chachikulu chomwe mwezi wina chinagaya matani 1,000 ndi mayunitsi 60,000, mwezi wina matani 500 ndi mayunitsi 45,000. Katundu watsika ndi theka koma magetsi atsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi basi. Masamu ake akusonyeza kuti mayunitsi 30,000 amapita mwezi uliwonse kaya chigayo chagaya kaya ayi. Ameneyo ndiye mlendo wosaitanidwa amene amadya nawo pa mbale iliyonse, ndipo ntchito yotsatira ndi kumupeza kumene amakhala.

Bilu ya fakitale yaikulu siifanana ndi mayunitsi ogula pafoni a kunyumba. Kuwonjezera pa mayunitsi omwe agwiritsidwa ntchito, kampani imalipiranso malinga ndi pamene inakoka magetsi ochuluka kwambiri nthawi imodzi m'mweziwo, zomwe zimayezedwa m'ma kVA. Fakitale yomwe imayatsa mamota onse akuluakulu, uvuni ndi makina oziziritsa nthawi imodzi 7 koloko m'mawa imadzikwezera yokha bilu ya mwezi wonse chifukwa cha kanthawi kochepako. Kungosiyanitsa nthawi yoyatsira, wina ayambe wina adikire, kumatsitsa bilu popanda kugula chilichonse. Palinso mtengo wosiyana wa maola omwe anthu ambiri akugwiritsa ntchito magetsi ndi wa usiku. Ntchito yomwe ingadikire, monga kupopa madzi okwera m'thanki kapena kupanga ayezi wodzaziziritsira mkaka wa mawa, ndi bwino kuisiyira usiku.

Pabilu pomwepo pamabisalanso chimene amainjiniya amati power factor. Taganizirani lole yomwe mwaichita hayala kuti inyamule chimanga, koma malo ena adzaza ndi matumba opanda kanthu omwe amangopita n'kubwerera. Mwini lole akulipiritsani malo onse. Mamota amachita chimodzimodzi: amakoka magetsi ena omwe sagaya kanthu, amangopita n'kubwerera m'mawaya, makamaka mota ikakhala yaikulu kuposa ntchito yake. Mankhwala ake ndi makapasita omangidwa pafupi ndi bolodi lalikulu. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mafakitale ambiri makapasitawo alipo kale, koma ena anapsa zaka zapitazo ndipo palibe anatsegulapo kabokosiko.

Nthunzi, nkhuni ndi tiyi

Akamaliza mapepala amavala nsapato zolimba n'kulowa mufakitale, popeza kandimverere anakanena za m'maluwa. Amanyamula chopimira magetsi chopana pawaya, kamera yoonetsa malo otentha, ndi kachipangizo kolowetsa m'chumuni koyeza utsi. Malo oyamba kupitako nthawi zambiri ndi ku boyila.

Boyila imataya mphamvu kudzera m'chumuni. Moto ukapatsidwa mpweya wochepa, mafuta sapsa onse ndipo utsi umada. Ukapatsidwa wochuluka, boyila imatenthetsa mpweya wopanda ntchito n'kuutumiza kumwamba. Woyatsa moto amakonda mpweya wambiri chifukwa utsi woyera sumuitanira bwana, koma ndiye kuononga kosaoneka. Amainjiniya ali ndi kamuyezo kawo: utsi ukatsika kutentha ndi madigiri pafupifupi 20, mafuta amapulumuka ndi 1 peresenti. Madzi olowa mu boyila akakwera ndi madigiri 6, imapulumukanso 1 peresenti ina. N'chifukwa chake amayang'ana kwambiri m'ngalande. Nthunzi ikamaliza ntchito imasanduka madzi otentha, oyera, omwe anathiridwa kale mankhwala. Mukaona ngalande ya kuseri kwa fakitale ikufuka, dziwani kuti madzi amenewo anayenera kubwerera ku boyila. Madzi a pamjigo a malo ena, okhala ndi mchere wambiri, amasiyanso chikanga m'kati mwa mapaipi a boyila monga chimene timachiona m'ketulo, ndipo chikangacho chimatchinga moto kuti usafike kumadzi.

Ku Thyolo ndi ku Mulanje nkhani imeneyi ili ndi fungo la bulugama. Tsamba la tiyi longothyoledwa kumene, magawo atatu mwa anayi kapena kuposa ndi madzi. Tiyi woumitsidwa kumene amatsala ndi madzi pafupifupi 3 peresenti. Ndiye makilogalamu anayi ndi theka a masamba amatulutsa kilogalamu imodzi yokha, ndipo zina zonsezo ziyenera kuuluka. Gawo loyamba limauluka pofotetsa masamba m'zimichera zazitali momwe mafani akuluakulu amapemerera kwa maola ambiri. Lotsala limachotsedwa mu makina oumitsira ndi mpweya wotentha kuposa madigiri 100, ndipo moto wake m'maesiteti ambiri ndi wa nkhuni za bulugama zodzala okha.

Wochita kauniuni akafika pa fakitale yotere, asanalowe n'komwe amaima pa mulu wa nkhuni. Mtengo wongodulidwa kumene pafupifupi theka lake ndi madzi. Ukaikidwa pamoto uli choncho, moto umayamba waumitsa nkhuniyo usanaumitse tiyi, ndipo kilogalamu ya nkhuni yaiwisi imapereka kutentha kongopitirira pang'ono theka la nkhuni youma bwino. Nyengo yomwe tiyi amachuluka ndi ya dzinja, nthawi yomwe nkhuni zosiyidwa pamtetete zimavumbwa tsiku ndi tsiku. Choncho shedi ya malata, nkhuni zowazidwa n'kusanjidwa miyezi ingapo zisanafunike, ndi imodzi mwa njira zotchipa kwambiri zochepetsera mitengo yodulidwa. Si nzeru yochokera kunja imeneyi. Agogo athu ankasanja nkhuni pakhonde mvula isanagwe.

Mafani ofotetsera aja ali ndi chinsinsi chawo chomwe chimakhudza fani ndi pampu pafupifupi iliyonse. Mukachepetsa liwiro la fani ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, magetsi ake satsika ndi gawo lomwelo, amatsika pafupifupi ndi theka. Masamba amafuna mphepo yambiri m'maola oyamba, akafota safunanso yochuluka, koma fani yachikale imadziwa liwiro limodzi lokha. Kabokosi kosinthira liwiro la mota, komwe amakatcha VSD, kamabweza ndalama zake msanga pamalo otere.

Nzimbe imadziphika yokha

Fakitale ya shuga ili ndi mwayi umene ena alibe: nkhuni zake zimabwera pamodzi ndi katundu. Nzimbe ikafinyidwa, zotsalira zake, zomwe a pantchito amati bagasse, zimakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa nzimbeyo. Ku Nchalo, komwe shuga anayamba kupangidwa mu 1966, ndi ku Dwangwa, zotsalirazi ndizo zimayaka mu maboyila. Nthunzi yake imayamba yazunguza makina opanga magetsi, ikatuluka m'menemo n'kupita kukawiritsa madzi a nzimbe. Moto umodzi, ntchito ziwiri.

Kawiritsidwe kake nako n'kochenjera. M'zaka za m'ma 1840, Norbert Rillieux wa ku New Orleans, injiniya amene mayi ake anali wakuda, anakonza njira yolumikiza miphika yotsekedwa motsatizana. Nthunzi yotuluka mumphika woyamba imawiritsa wachiwiri, ya wachiwiri imawiritsa wachitatu, chifukwa mumphika uliwonse wotsatira mpweya umachepetsedwa ndipo madzi amawira pa madigiri otsika. Kilogalamu imodzi ya nthunzi imatha kuphwetsa makilogalamu anayi kapena asanu a madzi. Njirayi ikugwirabe ntchito lero m'mafakitale a shuga, a mkaka waufa ndi a phala la tomato.

Koma mwayi umabala ulesi. Kwa zaka zambiri mafakitale a shuga padziko lonse ankaona zotsalira za nzimbe ngati zinyalala zofunika kuzitaya, ndipo maboyila akale ankamangidwa kuti azidya zambiri dala. Dziko la Mauritius linasonyeza kuti fakitale ikasamala nthunzi yake imatsala ndi magetsi ogulitsa kudziko. Masiku ano funso la kauniuni pa fakitale ya shuga silakuti zotsalirazo zikwana kodi, koma kuti tani imodzi ya nzimbe ikutulutsa mayunitsi angati opitirira zofuna za fakitale. M'dziko lomwe minda ya nzimbe imathiriridwa ndi mapampu a magetsi, yankho lake limakhudza ngakhale nyale ya munthu wa ku Ndirande.

Kuzizira ndi mpweya

Pa fakitale ya mkaka, nyama, nsomba kapena zakumwa, makina oziziritsa ndiwo kawirikawiri amadya magetsi ambiri kuposa china chilichonse. Makinawa sapanga kuzizira, amangosenza kutentha kuchoka m'chipinda kukakutaya kunja, ndipo akamakusenza kukwera phiri lalitali amatopanso kwambiri. Digiri imodzi iliyonse yomwe chipinda chaziziritsidwa mopitirira muyezo imawonjezera magetsi ndi 2 kapena 3 peresenti. Chimodzimodzi kunja: timapaipi totayira kutentha tikakutidwa ndi fumbi la Okutobala, kapena tikamangidwa pakhoma loomba dzuwa lamasana, makina amavutika. Burashi ndi madzi zimakonza vuto lomwe ena amaliitanira makina atsopano.

Ndiye pali kutentha komwe makinawa amataya. M'fakitale yomweyo, chipinda china chikuotcha dizilo kuti chipeze madzi ofunda otsukira, pomwe padenga mafani akuuluza kutentha kwaulere. Kulumikiza ziwirizi si matsenga. Makina ophera tizilombo mumkaka anayamba kale kuchita zimenezi: mkaka umatenthetsedwa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15, ndipo potuluka umadutsa pafupi ndi mkaka wozizira womwe ukulowa, pakati pali chitsulo chopyapyala. Wotentha umazizira, wozizira umafunda, ndipo makina abwino amabweza 90 peresenti ya kutenthako kapena kuposa.

Mpweya wa kompresa ndiye wodula kuposa zonse, ngakhale antchito amauona ngati waulere. Pa magetsi omwe kompresa imadya, gawo limodzi lokha mwa magawo 10, kapena kuposerapo pang'ono, ndilo limafika kukagwira ntchito. Lotsala limasanduka kutentha. Mufakitale yosasamalidwa, 20 mpaka 30 peresenti ya mpweya wochepawo imathawiranso m'mabowo. Bowo la mamilimita atatu, lomwe kamtengo ka machesi kangalowemo, limadya makilowati oposa atatu. Kompresa ikamasiyidwa choyaka usana ndi usiku, pachaka pali maola 8,760, ndiye bowo limodzilo lamwa mayunitsi oposa 26,000. Kulipeza kumafuna khutu pa Lamlungu, kapena madzi a sopo. Ndinaonapo mnyamata akudzipemerera ufa pa ovolosi ndi paipi ya mpweya pomaliza ntchito. Sindinamudzudzule mumtima: palibe anamuuzapo kuti mpweyawo uli ndi mtengo, komanso palibe anamupatsa burashi.

Za mamota tingonena mwachidule. Mtengo wogulira mota yomwe imayenda tsiku lonse ndi kagawo kochepa kwambiri, kosafika 5 peresenti, ka ndalama zomwe idzadye pa moyo wake wonse. Zina zonse ndi magetsi. Mota ikapsa timathamangira kokaikulunganso mawaya chifukwa n'kotchipa, koma ikakulungidwa mosasamala imabwerako ikudya kwambiri kuposa kale, ndipo ikapsa kachitatu ndi bwino kuitsanzika. Mwini chigayo cha pa msika naye ali m'gulu lomweli: nyundo zakutha, sefa yotsekeka ndi malamba olefuka zimatalikitsa nthawi yogaya ndowa imodzi, ndipo mota yosiyidwa ikulira podikira kasitomala wina imadya mayunitsi popanda ufa.

Lipoti ndi kabati

Mapeto a kauniuni ndi lipoti, ndipo lipoti labwino silichuluka mawu. Limatchula chochita, mtengo wake, ndalama zomwe chidzapulumutse pachaka, ndi nthawi yomwe ndalama zolowetsedwazo zidzabwerere. Ngati kukutira mapaipi a nthunzi kukufuna K3 miliyoni ndipo kukupulumutsa K6 miliyoni pachaka, ndalamayo yabwerera m'miyezi 6. Zina sizifuna ndalama n'komwe: kuzimitsa, kutseka chitseko, kutsitsa mphamvu ya kompresa, yomwe ikatsika ndi bar imodzi magetsi amatsika ndi 6 kapena 7 peresenti.

Pali malire amodzi omwe sayenera kudumphidwa. Fakitale ya chakudya si fakitale ya njerwa. Munthu amene angalangize kuti mkaka uzitenthetsedwa pang'ono, kapena kuti madzi otsukira mapaipi azikhala ofunda chabe, kapena kuti chipinda cha nyama chizizimitsidwa usiku, ndi woopsa kuposa bilu. Ichi n'chifukwa chake woyang'anira ukhondo ndi ubwino wa katundu ayenera kukhala nawo pa zokambirana kuyambira tsiku loyamba. Miyezo ya Malawi Bureau of Standards siipereka chifundo chifukwa chakuti munthu amafuna kupulumutsa magetsi, ndipo mwana womwa mkakawo ndiye alibiretu mbali pa nkhani ya bilu.

Koma vuto lalikulu si limeneli. Malipoti ambiri amafera m'kabati. Ndinabwerera ku fakitale ya mkaka ija patapita chaka, ndipo mphira wa chitseko anali atasinthidwa, koma njoka ija inali ikulirabe kudenga. Palibe amene anakana malangizowo. Kungoti wokonza makina amaweruzidwa ndi kuti makina asaime, woyang'anira kapangidwe amaweruzidwa ndi kuchuluka kwa mabotolo, ndipo wolipira bilu sanalowepo m'chipinda cha kompresa. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma mufakitale womva m'mimba ndi wina, wokhala pafupi ndi chitseko ndi winanso. Mafakitale omwe zimawayendera ndi amene amasankha munthu mmodzi, ndi dzina lake, kuti aziwerenga mamita sabata iliyonse, n'kumata chiwerengero cha mayunitsi pa tani pa bolodi pomwe antchito onse amadutsa. Amaikanso timamita ting'onoting'ono pa gawo lililonse, kuti a ku boyila asamabisale kumbuyo kwa a kozizira. Ndipo amafunsa woyatsa moto ndi mlonda, chifukwa amenewa amadziwa kalekale chomwe chimalira usiku.

Masiku ano eni mafakitale ambiri maso ali pa sola, makamaka chiyambire pamene minda ikuluikulu ya magetsi a dzuwa inatsegulidwa ku Salima mu 2021 ndi ku Golomoti mu 2022. Palibe cholakwika ndi sola, ndipo fakitale yogwira ntchito masana imapindula nayo. Koma kuyala mapanelo padenga la fakitale yomwe gawo lina la magetsi ake limathawira m'mabowo ndi kugula mapanelo ena oti azidyetsa mabowowo. Kauniuni ayambe, kenaka muyeze kukula kwa sola ndi jenereta zomwe mukufuna. Kawirikawiri zimapezeka zazing'ono kuposa zomwe wogulitsa anakulemberani.

Ngati muli ndi bekale, chigayo, butchala yokhala ndi mafiriji kapena kafakitale kofinya mafuta ophikira, simukusowa kudikira katswiri kuti muyambe. Loweruka likubwerali, mukatseka, lembani nambala yomwe ili pa mita. Lolemba m'mawa, musanayatse chilichonse, ilembeninso, ndipo muchotsere. Kenaka yendani chipinda ndi chipinda mpaka mupeze chomwe chinadya mayunitsi amenewo inu muli kutchalitchi.